Kiti yomangira fly ya ku Joni: vise ili bho, dubbing ayi

Amene mumawedza nsomba za trout pa Zomba Plateau kapena ku Chelinda ku Nyika mukudziwa kuti muno mu Blantyre zomangira fly (nyambo yopanga yooneka ngati kachilombo, yomangidwa pa mbedza) sizipezeka chisawawa, ndiye kiti iyi ndinaitanitsa ku Johannesburg. Mkatimo muli vise (chopanira mbedza pomanga), bobini (chogwirira ulusi), kasizasi, ulusi, mbedza za saizi 12 mpaka 16 ndi timapaketi ta dubbing (ubweya wopota pa ulusi popanga thupi la fly).

Vise ikugwira mbedza osagwedera, bobini sikudula ulusi. Pamenepo palibe chodandaula.

Vuto ndi dubbing. Paketi alembapo hare's ear (khutu la kalulu) koma ubweya wake ndiwosalala kwambiri, mtundu umodzi phwii, mulibe tsitsi lolimba lija la kumaso ndi m'makutu mwa kalulu, chonsecho fly yotchedwa Gold Ribbed Hare's Ear mphamvu yake ili pomwepo, timatsitsi tija tikatuluka m'mbali timaoneka ngati miyendo ya kachilombo kokhala pansi pa miyala mu mtsinje wa Mulunguzi, ndipo trout imadya chifukwa cha nyankhalala imeneyo osati kukongola. Ukamanga ndi wa m'paketi yekha nymph (fly yotsanzira kachilombo ka m'madzi) imatuluka yoterera ngati nsima ya alendo.

Ndiye ndimasakaniza ndekha. Chikopa cha kalulu wakutchire ndimapeza kwa anthu akumudzi, ndimameta tsitsi lolimba ndi ubweya wofewa wapansi, kuthirako pang'ono wa m'paketi uja kuti zigwirane, kenako kamakina kogayira khofi kamene ndinagula ku Limbe, kudina pang'onopang'ono basi. Mukapitiriza ubweya umakulungana pa mpeni. Kamakinako kakhale kake kake abale, musamwetse anthu khofi waubweya. Popota pa ulusi tengani ubweya wochepa kwambiri, pakani phula pang'ono, potani mbali imodzi yokha. Kumchira thupi likhale lowonda, waya wagolide kuzunguliza kanayi kapena kasanu, pachifuwa ponenepa, pomaliza tokosani ndi singano.

Mu kitiyi nthenga za mbalame ya pheasant aikamo ziwiri zokha, zochepa kwa munthu ofuna kumanga fly yotchedwa Pheasant Tail ya Frank Sawyer, ija ankamanga ndi waya wa kopa opanda ulusi ku mtsinje wa Avon ku England. Waya wakewo bola, umapezeka mu koyilo ya wailesi yakufa. Nthenga za nkhanga zimagwira ntchito pa miyendo.

Kwa oyamba kumene kitiyi gulani chifukwa cha vise ndi bobini, koma musawonjezere ndalama pa dubbing yawo, sakani kalulu.