Thermostat ya pulogalamu ya masiku 7: imagwira bwino, koma batani la Hold lingakudyereni phindu lonse

Nyenyezi zinayi pa zisanu. Iyi ndi thermostat wamba ya pakhoma, chipangizo choyatsa ndi kuzimitsa makina otenthetsera kapena oziziritsira nyumba malinga ndi kutentha kumene mwasankha, ya mavoti 24, yopanda intaneti, yoyendera mabatire awiri a AA. Imalola kuika nthawi zinayi pa tsiku lililonse la mlungu: podzuka, pochoka, pobwerako ndi pogona. Poyeza kutentha sinama. Mukapachika choyezera china pambali pake n'kudikira mphindi 20, kusiyana kwake sikufika digiri imodzi, ndipo kukakhalapo, mu menyu muli posinthira kuti ziwirizo zigwirizane. Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha batani la Hold, limene limaimitsa pulogalamu, ndi menyu yake ya manambala okhaokha.

Musanagule, vundukulani thermostat yakale muone mawaya. Akakhala ang'onoang'ono, amitundumitundu, olowa m'timabowo tolembedwa zilembo, ndiye kuti ndi a mavoti 24 ndipo iyi ikwana. Koma mukapeza mawaya awiri kapena anayi onenepa, omangidwa ndi tizipewa tapulasitiki, amenewo ndi magetsi a mavoti 120 kapena 240 opita ku mahita a magetsi. Iyi musaiyikepo, ipsa nthawi yomweyo. Ngati yakaleyo ili ndi kabotolo kagalasi kokhala ndi madzi onyezimira ngati siliva, ameneyo ndi mekyule. Ndi poizoni, sataya m'bini. Ipititseni kumalo olandira zinyalala zoopsa kabotoloko kasanasweke.

Kuyika sikuvuta, bola muyambe mwazimitsa bureka ya makina otenthetsera nyumba. Mavoti 24 sangakupheni, koma waya wa R ukakhudzana ndi wa C, fyuzi ya maampu 3 kapena 5 ya pa bolodi ya makinawo imapsa, ndipo mumangoona sikirini yakuda n'kumaganiza kuti mwagula chakufa. Jambulani mawaya ndi foni musanamasule, kenako matani kapepala ka chilembo pa waya uliwonse. Tsatirani zilembo, osati mitundu, chifukwa amene anayala mawayawo mwina sanatsate mtundu uliwonse. R ndi wa magetsi, W ndi wotenthetsa, Y ndi wa kompuresa yoziziritsa, G ndi wa fani, C ndi wobwezera magetsi, ndipo O kapena B ndi wa valavu yotembenuza heat pump, makina amagetsi amene amatha kutenthetsa ndi kuziziritsa nyumba. Mukakhala ndi waya umodzi wokha wa R, kawaya kolumikiza timabowo ta Rh ndi Rc kasiyeni pomwepo. Mumakachotsa pokhapokha ngati muli ndi mathiransifoma awiri. Kulungani mawayawo pa pensulo kuti asathawire m'khoma. Bowo lotulukira mawaya litsekeni ndi chinthu chosayaka, chifukwa kamphepo ka m'kati mwa khoma kamawomba pa sensa, thermostat n'kumaona ngati nyumba yazizira pomwe ayi.

Malo ake akhale khoma la m'kati, pafupifupi mita imodzi ndi theka kuchoka pansi, posafika dzuwa, kutali ndi khitchini, nyali, TV, khomo lakunja kapena potulukira mpweya wa makinawo. Ikakhala pafupi ndi TV imamva kutentha kwa TVyo, n'kuzimitsa hita zipinda zikadali zozizira.

Menyu ya woyika ndiye yotopetsa. Sikirini imangoonetsa nambala ya funso ndi nambala ya yankho, popanda mawu, ndiye kabuku kake kakatayika mwagwira njakata. Mafunso atatu ndiwo ofunika kwambiri. Loyamba ndi mtundu wa makina: a gasi, a mafuta, a magetsi kapena heat pump. Lachiwiri ndi la O kapena B. Mukalakwitsa pamenepa heat pump imaziziritsa mukafuna kutentha, n'kutenthetsa mukafuna kuzizira. Lachitatu ndi kangati pa ola makina angayake. Makina a gasi ouzira mpweya amayenda bwino pa 5, a madzi otentha ndi heat pump pa 3. Nambalayi ikakwera mopitirira, makina amangoyaka n'kuzima, zomwe zimatopetsa zipangizo. Ikatsika kwambiri, nyumba imatentha mopyola kenako n'kuzizira mopyola.

Tsopano za kupulumutsa mphamvu, zomwe anthu amagulira chinthuchi. Thermostat payokha sipulumutsa kanthu. Chimene chimachepetsa bilu ndi maola amene nyumba imakhala pa kutentha koyandikira kwa panja. Nyumba yotenthetsedwa ili ngati ndowa yobooka kunsi: ikadzaza kwambiri imadontha mwamphamvu, madzi akatsika kudonthako kumachepa. Kutentha kumathawira panja mofulumira pamene kusiyana kwa m'kati ndi panja kuli kwakukulu. N'chifukwa chake mawu akuti kutenthetsanso nyumba m'mawa kumadya mphamvu zonse zimene munasunga usiku si oona. Zimene makina amawononga pokweza kutentha zimangolingana ndi zimene sanawononge pamene nyumba inkazizira, ndipo phindu lenileni lili pa maola apakatiwo. Dipatimenti yoona za mphamvu ya boma la United States imanena kuti kutsitsa ndi madigiri 7 mpaka 10 a Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 4 mpaka 6 a Celsius, kwa maola 8 pa tsiku kungachepetse ndalama zotenthetsera ndi zoziziritsira nyumba mpaka 10 peresenti pa chaka. Mawu akuti "mpaka" muwamve bwino. Nyumba imene mumakhala anthu tsiku lonse sifika pamenepo.

Pulogalamu imene imayenda bwino nyengo yozizira ndi iyi: madigiri 20 a Celsius podzuka, 16 pochoka, 20 pobwerako, 16 kapena 17 pogona. Ngati m'nyumba muli khanda, okalamba kapena odwala chifuwa ndi mtima, musatsike pansi pa 18, omwe ndi malire amene bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza. Nyengo yotentha mumatembenuza: 25 kapena 26 anthu ali pakhomo, 29 akachoka. Thermostat iyi ili ndi nzeru yoyamba msanga: mumaiuza nthawi imene mukufuna kuti nyumba ikhale itafika pa 20, iyo n'kuphunzira m'masiku angapo kuti iyatse makina mphindi zingati nthawiyo isanakwane. Ambiri sadziwa zimenezi, amaika 5 koloko pofuna kuti pofika 6 koloko mukhale mutatentha, thermostat nayo n'kuyamba cha m'ma 4, ola lathunthu n'kupita pachabe. Ikani nthawi yeniyeni yodzukira basi.

Kukweza nambala mpaka 28 sikufulumizitsa kutentha. Pa makina ambiri thermostat ndi swichi chabe, imayatsa kapena kuzimitsa. Chimene mumapindula ndi kuiwala, nyumba n'kutentha mopyola.

Eni heat pump samalani. Yambiri ili ndi mahita a magetsi othandizira, amene amayaka nambala yofunidwa ikaposa kutentha kwa m'chipinda ndi digiri imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mahitawo amadya magetsi kawiri kapena katatu kuposa heat pump pa kutentha kofanana. Ndiye mukatsitsa madigiri 5 usiku, m'mawa chilembo cha Aux chimayaka kusonyeza kuti mahitawo ayaka, iwo n'kumeza zonse zimene munasunga. Pamenepo tsitsani digiri imodzi kapena ziwiri zokha, ndipo nzeru yoyamba msanga ija isazimitsidwe. Kutenthetsa kwa mapaipi a pansi pa simenti nakonso sikugwirizana ndi kutsitsa kwakukulu, chifukwa simenti imatenga maola kuti itenthe kapena kuzizira.

Ndiye batani la Hold. Mukangodina muvi wokweza kapena wotsitsa, kusinthako n'kwa kanthawi, kumatha nthawi yotsatira ya pulogalamu ikakwana. Mukadina Hold, pulogalamu yonse imaima mpaka wina adzadine Run. Mabatani awiriwa ayandikana, ndipo mawu osonyeza kuti Hold ikugwira ndi ang'ono kwambiri, pakona ya sikirini imene imawala masekondi ochepa. Munthu amadina usiku wina atamva kuzizira, nyumba n'kukhala pa 22 mwezi wathunthu, usana ndi usiku. Vutoli si la thermostat iyi yokha. Mu 2009 Energy Star, ndondomeko ya boma la United States yozindikiritsa zipangizo zosawononga mphamvu, inasiya kuika chizindikiro chake pa mathermostat a mtundu uwu, chifukwa phindu lake silinkaoneka m'nyumba zenizeni, mmene anthu ambiri sankagwiritsa ntchito mapulogalamuwo. Opanga iyi akanaika nyali yoonekera kapena Hold yotha yokha pakapita masiku angapo. Hold ili ndi ntchito yake pa ulendo wautali: ikani pa 13 kuti mapaipi asaume ndi chisanu. Ilinso ndi loko wa mabatani amene amalola kusintha madigiri ochepa okha, ndipo m'nyumba ya anthu ambiri ndi bwino kumuyatsa.

Kusamalira n'kochepa. Mabatire sinthani kamodzi pa chaka nyengo yozizira isanayambe, a alkaline, osati otchajanso, chifukwa amenewo amapereka mavoti 1.2 m'malo mwa 1.5 ndipo chenjezo limayaka msanga. Akatheratu pa thermostat yopanda waya wa C, makina sayaka konse. Pulogalamu imasungika mukachotsa mabatire koma wotchi imatha kusokonekera, ndiye onani ola, tsiku ndi AM kapena PM. Fumbi la m'kati chotsani ndi burashi yofewa, osapopera mankhwala. Chikumbutso cha sefa ya mpweya chimawerenga masiku, sichiona sefayo, choncho muziiyang'ana nokha mwezi uliwonse ndi kuisintha pakati pa mwezi umodzi ndi itatu. Sefa yotsekeka imachititsa makina kutentha mopyola n'kudzizimitsa, ndipo mlandu umagwera thermostat. Mukayatsa choziziritsa n'kuona mawu akuphethira koma kompuresa ili zii, dikirani mphindi zisanu. Kuchedwako n'kwadala, kumateteza kompuresa kuti isayake mphamvu ya gasi woziziritsira wa m'kati mwake isanakhazikike.

Ndi yoyenera banja limene nthawi zake zochokera ndi zobwerera sizisinthasintha. Ogwira ntchito ya mashifiti osinthika azingolimbana ndi mabatani mlungu uliwonse. Iwo afune yokhala ndi sensa yozindikira ngati m'nyumba muli munthu.