Buku la mafunso olimbitsa mfundo, patatha miyezi isanu ndi itatu

Nditangoligula bukuli ndinalemba mawu ochepa olitamanda, ndipo ndinalonjeza kudzabweranso ndikalikhetsera thukuta mokwanira. Lero chikuto chasendeka, masamba ada ndi pensulo, ndipo mayeso a GMAT, olowera maphunziro apamwamba a zamalonda, ndinalemba mwezi watha. Kwa amene simunaone zoyambazo, ili ndi buku la mafunso a Critical Reasoning (osanthula mfundo) okhaokha, makamaka aja okuuzani kuti pa mayankho asanu musankhe limodzi lomwe likulimbitsa mfundo ya wolemba. Pa GMAT yatsopano yomwe inayamba mu 2023, chigawo cha Verbal, momwe mumapezeka mafunso oterewa, chili ndi mafunso 23 oti muyankhe m'mphindi 45, ndiye funso lililonse simungalipatse mphindi ziwiri zathunthu.

Chinandikopa n'chakuti zitsanzo zake zambiri ndi za chitetezo cha ndege. Nkhani za ndege ndinayamba kuzikonda kalekale, choncho ndinkati pano ndiye ndafika kwathu. Kudziwa kwangako n'kumene kunandigwetsa miyezi iwiri yoyamba.

Funso limodzi sindidzaliiwala. Bwalo lina la ndege, longopeka, linalamula kuti oyendetsa ndege azibwereza mawu onse amene auzidwa ndi a pansanja yoyang'anira ndege. Chaka chotsatira malipoti a ndege zolowa pamsewu wonyamukira popanda chilolezo anachepa. Wolemba nkhani ya m'funsoyo n'kunena kuti lamulolo ndilo lathandiza. Limodzi mwa mayankho linkati kusamvana pawailesi kunachititsapo ngozi zazikulu m'mbiri ya ndege. Ndinalisankha ndisanamalize n'komwe kuwerenga enawo, chifukwa m'mutu mwanga munali ngozi ya ku Tenerife, chilumba cha dziko la Spain. Pa 27 Malichi 1977 ndege ziwiri za Boeing 747, ya KLM ndi ya Pan Am, zinawombana pabwalo la Los Rodeos kuli chifunga, anthu 583 n'kufa. Woyendetsa ndege ya KLM anayamba kuthamangitsa ndege akuyesa kuti waloledwa, inzake idakali pamsewu womwewo. Kuchokera pamenepo mawu oti "takeoff" (kunyamuka) amanenedwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamuka. Zonsezi n'zoona, koma funso silinkafunsa ngati mawu ali ofunika. Linkafunsa ngati pabwalo ili, chaka ichi, lamulo ndilo linachepetsa malipoti. Yankho lolondola linali losasangalatsa m'maso: chiwerengero cha ndege zotera ndi zonyamuka pabwalopo sichinasinthe. Kukanakhala kuti ndege zachepa, malipoti akanachepanso popanda lamulo lililonse.

Apa ndi pamene bukuli limagwira ntchito yake. Limakubwezerani pa funso limodzi mpaka likulowereni m'magazi: kodi n'chiyani china chomwe chikanabweretsa zotsatira zomwezi? Yankho lotseka khomo limenelo ndilo lolimbitsa mfundo, ngakhale lisatsimikizire chilichonse kotheratu. Pa funso lomweli pali khomo lina limene bukuli silinatchule, ndinachita kulipeza ndekha. Malipoti kuchepa sikutanthauza kuti zolakwika zachepa, mwina anthu angosiya kuulula. N'chifukwa chake ku United States malipoti odzifunira a oyendetsa ndege ndi a pansanja amapita ku NASA, bungwe lofufuza za mlengalenga, pansi pa ndondomeko ya ASRS yomwe inayamba mu 1976, osati ku FAA, bungwe la boma loyang'anira za ndege, limene lili ndi mphamvu zolanga. Munthu saulula kwa amene wagwira chikwapu.

Si nthawi zonse pamene kudziwa za ndege kunandipweteka. Mafunso okhudza pulani ndinkawakhoza msanga. Kampani ikufuna kuika m'ndege zake zonse chipangizo chochenjeza ndege ina ikayandikira, ndipo ikuti ngozi zichepa. N'chiyani chingalimbitse? Ndinkakumbukira ngozi ya ku Überlingen, ku Germany, pa 1 Julayi 2002, pamene Tupolev 154 inawombana ndi Boeing 757 ya DHL m'mlengalenga, anthu 71 n'kutha. Ndege zonse ziwiri zinali ndi TCAS, chipangizo chochenjeza chotere, ndipo inagwira bwino ntchito. Inauza ndege ya DHL kuti itsike, inayo ikwere, koma woyang'anira kayendedwe ka ndege anauza a Tupolev kuti atsike, iwo n'kumvera munthu. Choncho ndikaona yankho lonena kuti oyendetsa ndege amatsatira chenjezo la chipangizo ngakhale atauzidwa zosiyana, ndinkadziwa kuti ndi lomwelo. Kusiyana kwake ndinakumvetsa mochedwa: Überlingen inandisonyeza pamene mfundo ili ndi mng'alu, pomwe Tenerife inangondikometsera yankho lomwe silinali pamng'alupo.

Zodandaula zilipo. Mayankho olondola amawafotokoza bwino, koma olakwika amangowataya ndi mawu amodzi oti "sizikukhudzana". Komatu munthu wophunzira amagwera pa yankho lolakwika lomwe likuoneka ngati likukhudzana! Ndinayamba kulemba ndekha m'mphepete chifukwa chimene yankho lililonse lagwera, ndipo pensulo yambiri yathera pamenepo. Pamndandanda wa mayankho ndinapezanso malo awiri pamene chilembo sichikugwirizana ndi kufotokoza kwake. Ndinalembera osindikiza, mpaka lero zii.

Chachikulu n'chakuti pofika mwezi wachinayi ndinali nditamuzolowera wolemba bukuli. Ndikangoona yankho loyamba ndi mawu oti "chiwerengero cha ndege", dzanja linkapita lokha, ndipo nthawi zambiri ndinkakhoza. Ndinadzinyenga kuti ndakhwima. Nditayesa mafunso a nkhani zina, zaulimi ndi zamalonda, ndinabwerera kumphindi zitatu pa funso limodzi. Miyezi yotsalayo bukuli ndinkalitsegula kamodzi pasabata, masiku ena onse ndikulimbana ndi mafunso a mayeso akale amene eni mayeso amatulutsa okha, omwe misampha yake ndi yosiyanasiyana.

Kodi ndingaligulenso? Inde, koma la miyezi itatu yoyamba basi. Langali ndabwereka mnzanga amene akulemba chaka chamawa. Ndamufufutira mayankho onse, kupatula zolemba zanga za m'mphepete mwa funso la bwalo la ndege lija, pomwe ndinalemba "Tenerife" n'kuidula ndi mzere.