Mary Celeste: mpweya wa mowa kapena pampu?

Mu December 1872, sitima ya Mary Celeste inapezeka ikuyandama panyanja pakati pa zilumba za Azores ndi Portugal, anthu ake onse 10 kulibe, kabwato kopulumukira kulibenso. Chakudya chinalimo chambiri. Nanga chinawathawitsa n'chiyani?

Ena amaloza katundu: migolo 1,701 ya mowa wa m'mafakitale, ndipo 9 inapezeka yopanda kanthu. Amati mpweya wake unadzaza m'chipinda chapansi cha katundu, woyendetsa sitimayo, Benjamin Briggs, n'kuopa kuphulika. Amene anaimapo pafupi ndi thanki ya petulo pa boda ya Mwami masana amawamvetsa mantha amenewo. Koma chizindikiro cha moto sichinapezeke.

Ife timatsamira ku pampu yochotsera madzi olowa m'sitima. Imodzi anaipeza yomasulidwa, madzi pansi atafika pafupifupi mita imodzi, ndodo yoyezera madzi ili pamwamba pa sitima. Migolo itapanikizana chonchi, madzi sungawaone ndi maso, umangodalira ndodoyo. Ikakunamiza, umaganiza kuti sitima ikumira pomwe ili bwinobwino. Ndiye poti chilumba cha Santa Maria chinkaoneka pa 25 November, mwina kutsikira m'kabwato kunaoneka kwanzeru. Kabwatoko sikanapezekenso.