Wekishopu ya kuhotela kapena maphunziro a kudera: ndalama tiike pati?

M'mabungwe athu omwe si aboma, bajeti ya maphunziro ikangovomerezedwa, mkangano woyamba umakhala woti tikachitire ku Mponela, ku Salima kapena ku Mangochi. Zoti anthuwo akabwerako azikatha kuchita chiyani timaziganiza mochedwa.

Wekishopu ili ndi ntchito yake. Mukafuna kuti ogwira ntchito ochokera m'maboma osiyanasiyana agwirizane kalembedwe ka malipoti, kapena amange mfundo zotetezera ana, kuwasonkhanitsa malo amodzi n'kothandiza ndithu. Amadziwana, amatsutsana, amatuluka ndi mawu amodzi. Koma tonse timadziwa zochitika nkhomaliro ikatha: wophunzitsa akungotembenuza masilayidi, ena ali pa WhatsApp, ena maso ali pakhomo kudikira pepala losainira alawansi. Ndipo kawirikawiri amene wabwera si mwini ntchito, ndi abwana ake.

Ndalama zikachepa timathamangira ku ToT, kuphunzitsa ochepa kuti akaphunzitse anzawo. Mu lipoti zimaoneka bwino zedi. Tsoka lake, uthenga umatayika m'njira ngati madzi otungira m'dengu. Zimene zinatenga sabata kuhotela zimakaperekedwa m'mawa umodzi pansi pa mtengo, wopereka wake alibe buku, alibenso womuyendera.

Komabe njira yopatsirana uthenga sindingaitaye yonse, chifukwa ma Care Group aonetsa kuti imatheka. Bungwe la World Relief linayambitsa magulu amenewa ku Gaza, m'dziko la Mozambique, mu 1995, ndipo kuno ku Malawi akugwiritsidwa ntchito kwambiri pa nkhani za kadyedwe koyenera. Amayi odzipereka 10 mpaka 15 amakumana ndi wowaphunzitsa pafupipafupi, n'kuphunzira mutu umodzi basi, monga kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira. Amayeserera pomwepo ndi tchati cha zithunzi, kenako aliyense amakayendera makomo oyandikana naye. Akakumananso amanena zimene anapeza. Phunziro lake n'laling'ono, limabwerezedwa, ndipo pamakhala wofunsa kuti zayenda bwanji. ToT yathu ija zonsezi ilibe.

Pa luso logwira ndi manja, ine ndimakondera sukulu ya alimi ya m'munda. FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, inaiyambitsa ku Indonesia mu 1989, pomwe alimi a mpunga ankathira mankhwala mopitirira muyeso mpaka kupha tizilombo tothandiza tomwe timadya towononga. Alimi pafupifupi 25 amakumana sabata iliyonse kuyambira pobzala mpaka pokolola. Amagawa munda pawiri, mbali ina alime mwachizolowezi, inayo ayese njira yatsopano. M'mawa mame asanaume ali m'mizere, kutembenuza masamba, kuwerenga tizilombo, kujambula papepala zimene aona, n'kutsutsana okhaokha chochita. Mlangizi ntchito yake n'kufunsa mafunso. Apa mpamene pamavuta, poti alangizi odziwa kukhala chete ndi osowa, ambiri tinazolowera kulalikira. Njirayi imadyanso nyengo yathunthu pa anthu ochepa, moti opereka thandizo okonda manambala akuluakulu amachita nayo tsinya. Koma mlimi amene waona ndi maso ake kusiyana kwa mbali ziwiri zija safunanso womunyengerera.

Za pafoni sindichulutsa. Mawu ojambula pa WhatsApp ndi otsika mtengo, ndipo amathandiza kukumbutsa zimene anthu anaphunzira kale pamaso. Kuyambira pamenepo ayi: bandulo imatha, netiweki imasowa, ndipo m'makomo ambiri foni imayenda ndi bambo pomwe phunziro linali la mayi.

Poyerekeza njirazi, fomu imene ophunzira amalembapo maganizo awo tsiku lomaliza isatinamize. Katswiri wa ku America, Donald Kirkpatrick, mu 1959, anagawa kuyeza maphunziro m'magawo anayi: ngati anthu akondwa, ngati aphunzira, ngati asintha kachitidwe ka ntchito, ndiponso ngati pali zotsatira. Fomu yathu ija imathera pa gawo loyamba, ndipo mayankho ake ambiri amakhala a chakudya ndi zipinda zogona. Pa gawo limenelo hotela ndiye imapambana nthawi zonse. Gawo lachitatu limafuna mafuta a njinga yamoto pakatha miyezi itatu, munthu akafike pa gulu la banki m'khonde, atsegule kaundula, aone ngati mlembi amene tinamuphunzitsa uja akulemba masheya ndi ngongole m'malo mwake. Mafuta amenewo alowe mu bajeti tisanayambe kuyimba mafoni kumahotela.