Kiti ya mapenti, inki ndi ma stensulo yomwe ndinagula mtauni muno, theka ndi bho theka ayi

Ndakhala nayo miyezi itatu tsopano kiti ija ndiye ndikhoza kuyankhulapo. Anthu angapo amene anaona kope langa lazojambula akhala akundifunsa kuti kodi sisi zimenezi mumazipeza kuti kuno ku Mzuzu, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi aliyense awerenge yekha.

Kwa amene simukudziwa, art journal ndi dayale ndithu koma mmalo mongolemba mawu umapakamo penti, kumata timapepala kapena tinsalu, kudinda ndi inki kenako nkulemba maganizo ako pamwamba pake. Kusakaniza zipangizo kumeneko ndi komwe amati mixed media. Ine ndinayamba nthawi yomwe tulo timandivuta, foni ndinatopa nayo.

Kitiyi ndinaipeza mkashopu kena kogulitsa makope ndi zolembera mkati mwa tauni, sikutali ndi msika waukulu. Eni ake amaoda katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam nkumulowetsa pa Songwe ngati mmene amachitira anzathu ambiri a pa Taifa Market. Mkatoni mwake munali ma stensulo 6 (timapulasitiki tobowola zithunzi, umapaka penti pamabowopo chithunzi nkutsala pa pepala), timachubu ta penti ya acrylic 12, ma padi a inki 4, kabotolo ka gesso (penti yoyera yoyambira kupaka pa pepala), maburashi awiri, siponji ndi kope la A5. Mtengo wake ndinaupima ndi makala, unakwana matumba awiri. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chimaluma, ndiye ndinaima pa kauntala kaye ndikuwerengera kawiri katatu, pomaliza ndinangoti kaya, ndatenga, nkukwera sakaramento katoni ili pamiyendo.

Ndiyambe ndi ma stensulo chifukwa ndi okhawo andisangalatsa kuchokera tsiku loyamba. Pulasitiki yake ndi yofewa koma yolimba, umaipinda imabwerera, ndipo mabowo anadulidwa bwino mulibe zonyanyuka mmphepete. Muli ya masamba, ya madontho, ya njerwa, ya mizere yozungulira ngati duwa yomwe amati mandala, ya zilembo, ndi ina ya tizithunzi ta chipale chofewa chakwa azungu. Imeneyo inandiseketsa, inde Mzuzu imazizira mpaka mano kuguguda mu Julaye koma sinafike pamenepo ayi. Ndimaigwiritsabe ntchito, ukaidinda ndi penti yachikasu imangooneka ngati maluwa. Ya zilembo ija ilibe ŵ wachipewa, ndiye ndikafuna kulemba Malaŵi kapena mawu a Chitumbuka ngati ŵana kachipewako ndimachita kuwonjezera ndi cholembera. Si nkhani yaikulu koma mudziwiretu.

Chimene palibe anandiuza nchakuti stensulo imadana ndi penti yambiri. Tsiku loyamba ndinaviika burashi monga ndikupenta khoma, penti yonse inalowa pansi pa pulasitiki, nditanyamula panalibe tsamba panali chithaphwi chobiriwira. Mumatenga penti pang'ono pa siponji, kudinda kaye pa katoni yakale mpaka siponjiyo ikhale ngati youma, kenako nkumagogoda pang'onopang'ono kuchokera pamwamba, osapukuta uku ndi uku. Stensuloyo muigwire ndi selotepi yapepala ija kuti isasunthe. Mukamaliza iponyeni mmadzi nthawi yomweyo, acrylic akauma amasanduka pulasitiki ndipo madzi samuchotsanso, ya madontho yanga ili ndi mabowo angapo otsekeka chifukwa ndinaisiya ndikukaphika nsima.

Mapenti ndi apakatikati. Ndi aja a ana asukulu, madzi ambiri utoto wochepa, makamaka wachikasu ndi wofiira amaonetsa zapansi mpaka upake kawiri kapena katatu. Wakuda ndi wabuluu ali bwino. Timachubu take ndi ta 12 ml, tating'ono ngati chala, ndipo woyera anatha sabata yachiwiri pamene wabulawuni ndi wapepo akadali odzadza mpaka pano. Aliyense amene wagwirapo penti amadziwa kuti woyera ndi amene amatha msanga, bwanji osaikamo awiri? Komanso acrylic akamauma amada pang'ono, mtundu womwe mukuuona uli wauwisi si womwe mudzaupeze mawa lake.

Za kuuma ndiye nkhani ya kwathu kuno. Mmavidiyo a pa YouTube amati mphindi khumi basi wauma, pakani wina pamwamba. Amenewo sanakhaleko ku Mzuzu nthawi ya mawawa ndi chifunga, pamene ngakhale zovala pa chingwe zimatha masiku atatu. Penti imauma madzi ake akamauluka, ndiye mpweya ukakhala wodzadza kale ndi chinyontho imangokhala yonata, ukatseka kope masamba amamatirirana nkung'ambika. Ndinayesa kuyanika pafupi ndi mbaula magetsi atathima, pepala linapindika ngati chipapati. Pano ndimagwiritsa dilaya yatsitsi patali ndithu, ndipo pakati pa masamba ndimaikapo pepala lophikira makeke lija losamata.

Koma inki, eeh, inki ndi imene inandipweteka mtima. Mitundu yake ndi yokongola zedi, wobiriwira wake ngati minda ya tiyi ya ku Kawalazi mvula itangokata. Ndinapanga tsamba lokumbukira agogo anga, ndinadinda masamba ndi inki, kulemba mawu omwe ankakonda kunena, kenako ndinati ndimatepo kachidutswa ka chitenje chawo. Nditangodutsitsa burashi ya guluu zonse zinasungunuka, dzina lawo nkusanduka kamtambo kabuluu. Ndinakhala chete kwa kanthawi.

Vuto lake nlakuti inki zilipo zamitundumitundu ndipo katoni ija sinanene kuti iyi ndi iti. Pali ina yosungunuka ndi madzi, ina ikauma yauma. Mwachitsanzo a Ranger ku America amapanga Distress Ink, imeneyo anaipanga dala kuti ukaiwaza madzi ichite mawangamawanga ooneka ngati pepala lakale, komanso amapanga Archival Ink yomwe ikauma madzi saigwedeza. Zonse ndi zabwino bola udziwe yomwe wagwira. Ya mkiti yangayi ndi yosungunuka, ndiye pano ndimaiika pomaliza penipeni, kapena ndimaisungunula dala ndi mswachi wonyowa ndipo zimatuluka bwino ndithu. Chinanso, ikagwera pamwamba pa acrylic siilowa, imangokhala pamwamba masiku ndi masiku, ukakhudza chala chada. Kunena zoona padi ya chidindo ya mu ofesi imachita zomwezo pa mtengo wochepa, kungoti ilibe mitundu yambiri.

Kope ndiye ayi. Pachikuto analemba zoti ndi la mixed media koma pepala lake ukaligwira ndi lafotokope lenileni, la 80 gsm lija (gsm ndi muyezo wa kulemera kwa pepala). Lojambulira ndi penti yamadzi limakhala 300 gsm, lokhuthala ngati kadi. Ili ukangolinyowetsa limachita makwinya, inki imatulukira kuseri. Ndinalipatsa mwana wa achemwali anga azilembamo masamu.

Chimene ndimachita pano, ndimagula hadikava wamba, kumata masamba awiriawiri ndi guluu woyera wa akalipentala kenako nkupaka gesso pamwamba. Gesso ndi penti yoyera yokhakhala yomwe imatseka pepala kuti lisamwe madzi komanso kuti penti igwire. Ya mkiti inali yabwino koma kabotolo kake kanangokwana masamba ochepa. Nditasowa kogula ina ndinayamba kupanga ndekha, guluu woyera yemweyo, penti yoyera yamadzi yotsala popenta nyumba, ndi choko chosinja chosefa bwino, kutakasa mpaka zifanane ndi phala la mwana. Siyofanana ndendende ndi yogula, imakhakhala kwambiri ndipo imadya nsonga za zolembera, koma ntchito ikuyenda.

Za anthu a mshopumo ndilibe nawo mlandu waukulu. Chubu chimodzi, cha olenji, ndinachipeza chouma gwa ngati mwala, ndinabwerera nacho mawa lake ndili wokonzeka kukangana. Msungwana wa pa kauntala anangochifinya nkunena kuti pepani anti, dikirani ndiwaitane abwana. Bambowo atatuluka anatsegula katoni ina nkundipatsa chatsopano osafunsa ndi lisiti lomwe, ine yewo chomene, mkwiyo wonse wathera panjira. Kungoti katundu wawoyu samudziwa. Nditafunsa ngati inkiyo imalimba ndi madzi anati mayi inki ndi inki basi. Sanandinamize dala ayi, iwo bizinesi yawo ndi makope ndi ma yunifomu, izi anangotengako poona kuti zikuwala.

Amene anandiphunzitsa zenizeni ndi mkulu wina wolemba masayini cha ku Taifa konko, amene amalemba manambala pa ma minibasi ndi mayina a ma saluni. Ndinamuonetsa ma stensulo anga anaseka nkutulutsa ake, onse odula pa mapepala akale a X-ray ndi lezala. Akuti salowa madzi, sang'ambika, ndipo umaona zapansi podula. Anandigaira mapepala awiri. Ndinajambulapo mizere ya pa chitenje cha agogo chija nkudula ndekha patebulo usiku wonse, chala chinatupa koma stensulo imeneyo ndi imene ndimaikonda kuposa zonse 6 zogula. Tsamba la agogo lija ndinalipanganso, pansi pake ndinapaka tiyi wa Chombe wowirira kwambiri kuti pepala lioneke lakale, khofi wa Mzuzu wotsala mkapu amachitanso chimodzimodzi koma amada kwambiri ndipo fungo lake limakhala sabata.

Ndiye mukandifunsa kuti ndigule kitiyi? Ngati ndi mphatso ya mwana wa sekondale amene akungoyamba, gulani asangalala. Ngati ndi yanu ndipo ndalama ndi yowerengera, apempheni akugulitseni ma stensulo paokha, amatero mukachonderera, kenako mugule machubu akuluakulu asanu okha, woyera, wakuda, wofiira, wachikasu ndi wabuluu, mitundu inayo muzisakaniza nokha.

Sabata yatha ndinadutsanso pa shopupo kukawauza bambo aja kuti ulendo uno akabweretse chubu chachikulu cha woyera ndi inki yakuda yosasungunuka. Analemba kuseri kwa katoni ya choko, akuti anyamuka kumapeto kwa mwezi. Ndinawalembera ndekha dzina lake pa kapepala kuti akangoonetsa ku Kariakoo konko, asakabwerenso ndi inki ndi inki basi.