Miyezi 9 ndi Blender, chigayo chimodzi ndi mageti ambiri

Amene anandilowetsa mu Blender, pulogalamu yojambulira zinthu za 3D pa kompyuta, ndi amalume anga, owotcherera zitsulo kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Makasitomala awo amafuna kuona geti kapena chigayo chisanapangidwe, koma zojambula za pa katoni sizinkakopa munthu. "Mphwanga, si iwe wa makompyuta? Tajambula chinthu chooneka," anatero. Papita miyezi 9 tsopano ndipo pulogalamuyi sindinaisiye. Ndi yaulere chiyambire 2002, imayang'aniridwa ndi Blender Foundation ya ku Amsterdam, ndiye chomwe ndinalipira ndi bandulo basi.

Miyezi iwiri yoyamba ndinaitaya pa Subdivision Surface, modifier (chida chosinthira maonekedwe a chinthu) yomwe imasalaza chinthu pochigawa tizidutswa tambiri. Chilichonse ndinkachiika modifier imeneyi, kenako n'kumadula ma loop cut, mizere yozungulira chinthucho, kuti m'mphepete mukhale mwakuthwa. Laputopu yanga ya 8 GB inkatentha ngati mbaula, ndipo pa bowo lililonse la bawuti pankachita makwinya. Tsiku lina ndinayang'anitsitsa chigayo chenicheni. Ndi malata afulati owotchereredwa pamodzi, ndiye tizidutswa tonseto, ma polygon, tinali ta chiyani? Ndinasintha njira: Bevel modifier, yosalaza m'mphepete mokha, pa Angle ya madigiri 30, ma segment awiri kapena atatu, pansi pake Weighted Normal, yokonza mmene kuwala kumaonekera pachinthu. Chitsulo chinayamba kuwala m'mphepete ngati chitsulo, fayilo n'kupepuka.

Amene amati n-gon, polygon ya mbali zoposa zinayi, ndi tchimo amanena zoona theka. Pamalo afulati siivuta konse, ndipo mageti onse a amalume ndi odzaza nazo. Mavuto ali pa zozungulira. Nditaboola paipi yopita ku fanelo ya ufa ndi Boolean, chida chodulira chinthu ndi chinzake, panatuluka mizere yakuda ngati mwaye wa m'khitchini. Chinathandiza ndi kuwonjezera mbali za cylinder ndisanaboole, ndi kuzunguliza bowolo ndi mzere wina wa ma edge (mizere ya m'malire mwa ma polygon) kuti chisokonezo chithere pomwepo. Pomwe zinakanika, ndinasunga kope la paipi yosaboola n'kutengako ma normal (komwe mbali iliyonse yayang'ana) ndi modifier ya Data Transfer. Njirayi ndi yotopetsa koma imagwira.

Zolakwa zambiri zinali zanga, ndivomere. Ndinakhala masiku awiri ndikutukwana Bevel chifukwa mbali ina inkatuluka yotakata, ina yopyapyala. Ndinali nditatambasula bokosi mu Object Mode osachita Ctrl+A n'kusankha Scale. Bevel ikakana kukula ngakhale muwonjezere nambala, fufuzani ka edge kakang'ono komwe Boolean yasiya, chifukwa Clamp Overlap ya mu Bevel imachepetsa chinthu chonse kaamba ka kamodziko. Ma vertex (timadontho tomwe ma edge amakumanapo) ophatikizana amachoka mukadina M n'kusankha Merge by Distance. Mbali zotembenuka zimaoneka zofiira mukayatsa Face Orientation, ndipo Shift+N imaziwongola.

Chomwe chimandinyansa mpaka lero ndi Auto Smooth, kabokosi komwe kankasalaza zozungulira n'kusiya makona akuthwa. Anaichotsa mu Blender 4.1 mu 2024, pomwe mavidiyo ambiri a pa YouTube amaonetsabe kabokosi kakaleko. Munthu umafufuza chinthu chomwe kulibe, bandulo ikutha. Masiku ano ndi modifier yotchedwa Smooth by Angle, ndipo malo ake pamndandanda ali ndi ntchito: ikakhala pansi pa Weighted Normal imatha kufafaniza zomwe inzakeyo yakonza. Nayo Boolean ya Exact imachedwa pa makina ngati anga, mabowo akachuluka ndimadikira ngati wokwera minibasi yosadzaza.

Za malaiti simufunika kuuzidwa. Batire yanga inafa kalekale, choncho akathima, laputopu nayo yathima. Blender imadzisungira yokha mphindi 2 zilizonse, ndipo File, Recover, Auto Save yandibwezera ntchito kangapo. Pa zida ziwiri zotulutsira chithunzi chomaliza, Cycles ndinaisiya, EEVEE imakwanira kuonetsa kasitomala geti pa WhatsApp. Mbewa ya mabatani atatu gulani, pa touchpad mudzangolira.

Amalume sasamala za topology, kayalidwe ka ma polygon. Nditawaonetsa chigayo choyamba anachiyang'ana kanthawi n'kunena kuti angle iron yawo ndi ya mamilimita 40, yangayo ikuoneka yonenepa. Anali olondola, ndinkangoyerekeza ndi maso. Kuyambira pamenepo ma Units ndinawaika pa mamilimita ndipo ndimapita ku shopu ndi tepi. Pano tili pa ngolo ya ng'ombe ya mlimi wina wa ku Katete, ndipo ma sipuling'i ake andigoneka mochedwa masiku atatu.