Kudzera ku koleji kapena kudumphira ku timu: njira ziwiri za wosewera baseball ku America

Mike Trout anabadwa mu 1991, Aaron Judge mu 1992. Ndi anthu a msinkhu umodzi, onse ndi akatswiri omenya mpira, koma njira zimene anadzera kuti afike mu ligi yaikulu ya MLB n'zosiyana. Kwa ife amene timadzuka usiku kukaonera masewerawa pa foni, awiriwa ndi poyambira pabwino tikamakangana za njira yopindulitsa.

Trout anatengedwa ndi Los Angeles Angels mu 2009 atangomaliza sekondale ku Millville, New Jersey, ali wa nambala 25 pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasinthana kusankha osewera atsopano m'ndime zotsatizana. Pofika 2011 anali atalowa kale mu ligi yaikulu ali ndi zaka 19. Judge nayenso anaitanidwa atamaliza sekondale mu 2010, koma timu ya Oakland inamusankha kumapeto kwenikweni, pa ndime ya 31. Iye anakana, nakalowa ku yunivesite ya Fresno State. Patatha zaka zitatu New York Yankees inamutenga pa ndime yoyamba. Mu ligi yaikulu anafikamo mu 2016 ali ndi zaka 24, nthawi imene Trout anali atalandira kale mphoto ya MVP, ya wosewera wopambana onse mu ligi yake chaka chimenecho.

Lamulo lake ndi limene limabweretsa mpungwepungwe. Mnyamata akalowa koleji ya zaka zinayi, sangasankhidwenso mpaka atamaliza chaka chachitatu kapena atakwanitsa zaka 21. Ndiye akakana ndalama ali ndi zaka 18, wadzitsekera khomo kwa zaka zitatu. Akavulala m'katimo, zake zada.

Ubwino wa koleji ndi woti matimu amakuona bwinobwino. Umakumana ndi anzako amphamvu sabata ndi sabata, osati ana a sekondale amene mpira wako sauona n'komwe. Vuto limodzi n'lakuti ku koleji amamenyera ndodo zachitsulo pomwe mu ligi yaikulu ndi zamtengo, ndiye ambiri nthawi ya tchuthi amapita ku Cape Cod League, ligi ya ophunzira yomenyera ndodo zamtengo, kukasonyeza kuti mtengo nawonso amautha. Wochokera ku koleji sachedwanso m'maligi ang'onoang'ono. Paul Skenes anapambana mpikisano waukulu wa makoleji wa College World Series ku Omaha ndi yunivesite ya LSU mu 2023, Pittsburgh Pirates inamutenga woyamba n'kumupatsa madola 9.2 miliyoni, ndipo mu May 2024 anali akuponya kale mu MLB. Miyezi iwiri yokha pambuyo pake ndiye anali woponya woyamba wa timu yake pa masewero a All-Star, a akatswiri osankhidwa m'matimu onse. Mwana wa sekondale zimenezi n'zosowa kwambiri. Iye amayambira pansi penipeni, n'kumakwera masitepe a maligi ang'onoang'ono, Single-A, High-A, Double-A, Triple-A, akugona m'mabasi oyenda usiku wonse.

Nkhani ya Gerrit Cole ndi imene makolo ambiri amaikonda. Yankees inamusankha mu 2008 pa ndime yoyamba, iye n'kunena kuti ayi, ndikupita ku yunivesite ya UCLA. Mu 2011 anakhala woyamba pa draft yonse, ndi madola 8 miliyoni m'thumba. Kumapeto kwa 2019 Yankees yomwe ija inamugula ndi madola 324 miliyoni.

Koma tisamangotola zokoma. Mark Appel anaphunzira ku Stanford, anatengedwa woyamba ndi Houston Astros mu 2013, patsogolo pa Kris Bryant. Bryant, wa ku University of San Diego, anali MVP pofika 2016. Appel anavutika ndi kuvulala komanso kusaponya bwino, anasiya kusewera mu 2018, ndipo ligi yaikulu anadzailawa mu 2022 ali ndi zaka 30. Koleji sinamutchinjirize. Kwa oponya, mkono ndi wosadalirika kulikonse kumene wadzera: Stephen Strasburg wa ku San Diego State anagonjetsa omenya mpira 14 pa masewero ake oyamba mu 2010, chaka chomwecho n'kukachitidwa opaleshoni ya chigongono.

Mbali ya sekondale ili ndi manda ake. Brien Taylor anatengedwa woyamba ndi Yankees mu 1991, anavulala phewa pa ndewu mu 1993, ndipo sanafike konse mu MLB. Wotere amabwerera kwao alibe ligi, alibenso digiri, ngakhale kuti masiku ano makontrakiti ambiri amakhala ndi lonjezo loti timu idzalipira sukulu.

Pamene sekondale imaposa koleji ndi pa msinkhu. Wosewera amakhala womasuka kudzigulitsa ku timu iliyonse akatha zaka 6 mu ligi yaikulu. Bryce Harper, amene anadzera njira yapakati ya junior college (koleji ya zaka ziwiri, kumene chaka chimodzi n'chokwanira), analowa ali ndi zaka 19, ndipo pa zaka 26 anasaina madola 330 miliyoni ndi Philadelphia Phillies. Judge anafika pa msika umenewo ali ndi zaka 30. Anapezabe madola 360 miliyoni, koma zinatengera kumenya ma home run (mipira yomenyedwa mpaka kudumpha mpanda wa bwalo) 62 mu 2022. Si aliyense ali ndi mphamvu zotero pa msinkhu umenewo.

Palinso gulu limene sitilitchula kawirikawiri: omwe amakhala ku koleji mpaka chaka chachinayi. Amenewa alibe pothawira, sanganene kuti tibwerera kusukulu, ndiye matimu amawapatsa ndalama zochepa zedi. Draft nayonso inachepetsedwa kuchoka pa ndime 40 kufika pa 20 mu 2021, ndipo matimu a m'maligi ang'onoang'ono anatsala 120. Malo oyeserera ana osapsa achepa, n'chifukwa chake matimu akutsamira kwa okhwima kale.

Ine mbali yanga ndi iyi. Mwana akamupatsa ndalama za ndime yoyamba, makamaka ngati ndi woponya, asaine, mkono usanamupusitse. Akamuitana kumapeto monga anachitira Judge, apite ku koleji. Kuyambira 2021 wosewera wa ku koleji amaloledwanso kupanga ndalama ndi dzina lake, ndiye zaka zitatuzo sizikhalanso za njala ngati kale.